NSOMBA ZA KU CHANYANYA NDI VINYO WA KU CAPE

Munthu wocokera m'tauni ya Kafue akalunjika kumadzulo amafika pa Chanyanya, mudzi wa asodzi umene uli m'mphepete mwa dambo lalikulu la mtsinje wa Kafue. M'mamawa mabwato amakoceza pagombe, ndipo amalonda amalimbirana mphende ndi milamba kuti akagulitse ku Lusaka. Zina mwa nsombazi zimakathera m'mahotela, kumene alendo amazidya pamodzi ndi vinyo woyera wocokera ku Cape, m'dziko la South Africa.

Vinyo ameneyu amapangidwa ndi madzi a mphesa okhaokha, pakuti makoko amacotsedwa madziwo asanayambe kuwira. Ubwino wace umacokera ku nyengo. Kumene kuli kozizira, monga m'cigwa ca Elgin ndi ku Constantia, mphesa zimapsa pang'onopang'ono ndipo zimasunga kuwawasa kwace, kumene kumayenerana ndi nsomba. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimathyoledwa kuyambira January mpaka March kunja kuli gwa, mphepo ya kunyanja ikuziziritsa minda.

Alimi ena amafunsa kuti, kodi ife sitingabzale mphesa zotere, popeza madzi tiri nao? Kuno nyengo iri mosiyana. Miyezi imene mphesa zimapsa ndiyo imene mvula yathu imakhuthuka, motero zipatso zimaola zisanakhwime bwino. Cisanu ca June ndi July cimene cimakuta dambo la Kafue cimakomera tirigu wothirira, ndipo ameneyu ndiye amalimidwa m'minda ya kufupi ndi Chanyanya mvula ikatha. Dziko liri lonse liri ndi mphatso yace.

Koma pali phunziro limene tingatengeko. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa m'caka ca 1659, ndipo munda wa Constantia unakhazikitsidwa mu 1685. Papita zaka zoposa 300, koma nthaka yomweyo ikubalabe, cifukwa eni ace amaisamala podziwa kuti mpesa wobzalidwa lero udzadyetsa ana ndi adzukulu.

Kodi mtsinje wathu tikuusamala comweco? Cimangireni damu la Itezhi-Tezhi mu 1977, madzi a m'dambo sasefukira monga mwa kale, pakuti tsopano amatsata zofuna za magetsi. Nkhanu zacilendo zacuruka mu mtsinje ndipo zimadya nsomba zokodwa mu ukonde. Pamwamba pa izi, asodzi ena amakoka ndi maukonde a udzudzu, amene sasiya ngakhale kamwana ka nsomba.

Ncifukwa cace Boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto a February caka ciri conse, kuti nsomba ziswane mwamtendere. Miyezi itatu imeneyi imawawa pakhomo pa msodzi, pakuti ndi nthawi yomwenso njala imavuta ndipo ana amafuna ndalama za sukulu. Komabe wopha nsomba yodzala mazira wapha ndiwo za caka camawa.

Awerengi athu a ku Chanyanya, mphesa tizisiyire a ku Cape. Cuma cathu ciri m'madzi ndi m'minda yothirira. Mafumu, asodzi ndi amalonda agwirizane kusunga lamulo la kutseka usodzi ndi kucotsa maukonde oononga, kuti mphende ya mu Kafue isadzakhale nthano yosimbira adzukulu.