Zithunzi zovina zinabisa nkhani ya mjigo

Mwezi watha komiti ya m'mudzi mwathu inandituma kukapempha mjigo ku bungwe lina ku boma. Ndalama yogulira PowerPoint ndinalibe, choncho mphwanga anandiikira LibreOffice Impress pa laputopu. Pulogalamuyi, yomwe inatuluka mu 2011, ndi yaulere ndipo aliyense waluso ali ndi ufulu woikonza.

Nditaona kuti masamba akhoza kulowa mozungulira, motsetsereka kapena mogubuduka ngati bokosi, ndinaika zonsezo. Poyeserera usiku, mayi a kunyumba anaseka n'kufunsa kuti, "Nanga bambo, mabanja omwe akumwa madzi a mumtsinje ndi angati?" Nambalayo inalipo, koma maso awo anali pa zovinazo.

Ndinazichotsa, n'kusiya kamodzi kofatsa. Mawa lake akuluakulu a bungwelo anandifunsa za madzi okhaokha. Yankho lawo tikuliyembekezerabe.