Kodi Kafue ndi wa Ndalama Zingati?

Tinanyamuka ku Lusaka m'mamawa, ndipo titayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera tinatsika pa tauni ya Kafue. Kugombe, pafupi ndi ulalo wa njanji umene unamangidwa mu 1906, tinapeza amai a malonda atazungulira bwato la msodzi. Nsomba iri yonse inali ndi mtengo wake, ndipo anali kukangana ngakhale pa kwacha imodzi. Ife tinadzifunsa kuti: nanga mtsinje umene wabala nsombazi, mtengo wake ndi wotani?

Madzi ena a Kafue mtengo wake udziwika bwino. Pa Iolanda makina amakoka madzi opita m'mipope ya ku Lusaka, ndipo anthu amalipira mwezi ndi mwezi. Kumunsi, pa Kafue Gorge, madzi omwewo amapanga magetsi. Kumtunda amathirira nzimbe za ku Nakambala. Zonsezi ziri ndi alembi oziwerengera.

Koma kumadzulo kwa tauniyi kuli madambo aakulu a Kafue Flats, okwana masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Kale madzi anali kusefukira m'dzinja, nsomba nkumaswana m'udzu womira. Akaphwa m'cilimwe, Aila ndi Atonga anali kutsitsira ng'ombe zao ku msipu wanthete. Pa nchito yonseyi mtsinje sunalembe lisiti. Damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti lizisungira madzi magetsi, nyengo ya cigumula inasokonezeka. Panaikidwa lamulo lakuti m'mwezi wa March madzi azitsegulidwa kwa masabata anai kuti madambo amwe, koma izi sizinabwezere cigumula ca kale. Phindu la magetsi limaoneka papepala. La udzu limaoneka pa nthiti za ng'ombe.

Mboni ina ndi lechwe wa ku Kafue, mbawala yokonda madzi imene sipezeka kwina kuli konse m'cilengedwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 analipo pafupifupi 100,000. Pa kalembera wa 2015 sanakwane 30,000. Opha nyama mozemba, kusintha kwa madzi ndi citsamba caminga cacilendo cochedwa mimosa zinamulanda malo.

Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi nalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Pamenepo aliyense anayamba kuwerengera zimene zatayika. Koma paja madzi akatayika saoleka.

Nchifukwa cake tikuti: tiwerengere lero, mtsinje ukali ndi moyo. Mabanja angati amadya nsombazi? Ana angati aphunzira ndi ndalama za ng'ombe? Cimene sicilembedwa m'buku la cuma ca dziko cimayesedwa ca ulere, ndipo ca ulere sicikhala ndi mlonda. Komabe tisaiwale cenjezo la malemu Papa Francis m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015: colengedwa ciri ndi ulemu wake pamaso pa Mlengi, ngakhale cisatipatse phindu. Lechwe wotsiriza akafa, palibe banki imene idzatibwezera.

Pobwerera tinagula nsomba zitatu. Msodzi tinamulipira, ngongole ya mtsinje tinapita nayo kwathu.