Za Nyumba ya Mabuku ndi Manyazi a Kufunsa

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nyumba ya mabuku ya pa sukulu zazikuru, imene ophunzira aicha laibulale, ndi za anthu akugwira nchito m'menemo. Nkhaniyi tiikamba ndi manyazi pang'ono, pakuti tiyenera kuyamba ndi kuulula kupusa kwa ife eni.

Tinali atatu, ocokera ku sukulu imodzi ya kumudzi, m'mene tinafika ku yunivesite. Kwathu buku limodzi tinali kuwerenga anthu asanu, ndipo nzeru imene tinaidziwa inali ya kuloweza zimene mphunzitsi analemba pa bolodi. Tsiku loyamba kulowa m'laibulale tinaima pakhomo monga alendo pa ukwati wa eni, osadziwa pokhala. Mabuku anandanda m'mizere mizere, liri lonse ndi malemba ndi manambala pamsana pace. Pa thebulo la pakhomo panakhala abambo ena a imvi, amene anatipenya natifunsa ngati tifuna thandizo. Ife tinayankha, "Iai, bambo, tingoona." Tinaopa kuti anzathu okulira m'tauni angatiseke. Ndipo miyezi iwiri yathunthu inatha tiri kungoona.

Pamenepo mphunzitsi wa mbiri yakale anatipatsa nchito ya kulemba cimangirizo za John Chilembwe ndi kuukira kwace kwa mu Januwale 1915. Poyendayenda m'mizere ija tinapeza mwamwai buku la George Shepperson ndi Thomas Price, locedwa Independent African, losindikizidwa mu 1958. Tinakondwera monga munthu wotola ndalama panjira. Tinatapa ndime zace, wina apa wina apo, ndi kuzilumikiza, poyesa kuti Cingerezi cokoma cotere cidzakondweretsa mphunzitsi. Koma mapepala athu anabwerera opanda malikisi, ndipo pansi pace panalembedwa ndi inki yofiira, "Mau awa ali ndi mwini wace. Nanga anu ali kuti?" Anatiitana natiuza kuti kutenga mau a munthu wina osamchula ndiko kuba, ndi kuti pa sukulu zazikuru mlandu wotere ukhoza kumcotsetsa munthu sukulu. Anatipatsa sabata limodzi kuti tilembenso. Usiku umenewo tulo sitinatione, pokumbukira mbuzi zimene makolo athu anagulitsa kuti tifike pamenepo.

M'mawa mwace tinapita kwa abambo a imvi aja titazyolika. Iwo sanatiseka. Anangoti, "Ana anga, safunsa anadya phula. Khalani pansi." Anationetsa kuti buku liri lonse liri ndi malo ace, monga munda uli ndi malire, ndi kuti malemba a pamsana ndiwo olozera malowo. Nyumba zina za mabuku zitsata njira ya Melvil Dewey ya mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu khumi, kotero kuti zinenero zikhala pa 400 ndi mbiri yakale pa 900. Zina zitsata njira ya Library of Congress ya ku America, imene iyamba ndi malemba. Anatiphunzitsa kufuna buku m'katalogi mwa njira zitatu: dzina la mlembi, dzina la buku, kapena mutu wa nkhani. Anationetsanso ndandanda ya mau ya kumapeto kwa buku, kuti munthu asatope ndi kuwerenga buku lonse pofuna cinthu ciri pa masamba atatu okha.

Koma cacikuru anacisungira kumapeto. Pambali pa buku lathu lija anaika ena awiri: lipoti la mu 1916 la anthu amene boma la atsamunda linawatuma kukafufuza za kuukirako, ndi zolemba za George Simeon Mwase, mbadwa ya dziko lino, zimene zinasindikizidwa mu 1967 ndi dzina lakuti Strike a Blow and Die. Ndipo anati, "Izi ndizo mboni zitatu pa bwalo. Funsani iri yonse: Ndinu yani? Munalemba liti? Munalembera yani? Kodi mfumu iweruza mlandu itamva mbali imodzi?" Pamenepo tinazindikira kuti cimangirizo sindico mtolo wa mau a eni, koma ciweruzo ca mlembi atamva mboni, ndipo mboni iri yonse aichula dzina, caka ndi tsamba, kuti wina wokayika apite akadzimvere yekha.

Atatha izi anatituma kwa amai ena, mphunzitsi wa zinenero, amene anali kulandira ophunzira obvutika ndi kalembedwe masana a Lacitatu. Tinayembekeza kuti adzatikonzera Cingerezi cathu. Iwo anatembenuza pepala cafufumimba nati, "Tandiuzani m'Cicewa cimene mufuna kunena." Tinacita cibwibwi tonse atatu. Bvuto lathu silinali Cingerezi cokha; tinalibe cimene tinali kunena. Anatifunsa mafunso kufikira yense wa ife anakhoza kuchula ganizo lace m'mau ocepa, ndipo anati, "Limenelo ndilo mzati. Zina zonse zitsamire pamenepo." Sanatilembera ngakhale mzere umodzi. Tinalemba katatu, malikisi athu anali apakati cabe, koma anali athu. Thandizo lotere maiko ena alipatulira cipinda cace: yunivesite ya Cape Town inatsegula malo othandiza ophunzira kulemba mu 1994, kumene wophunzira akhala pansi ndi womwerengera, nakambirana za zimene walemba asanazipereke.

Tsono tiri ndi mau kwa inu aphunzitsi a pa sukulu zazikuru, pakuti ena a ife tinadzakhalanso aphunzitsi. Musayese kuti mwana wakhoza mayeso a Fomu 4 adziwa kale kufuna buku. Ambiri afika asanaone laibulale ndi kale lomwe. Pitani nao nokha sabata loyamba, muwapereke m'manja mwa wosunga mabuku monga mupereka mlendo kwa mwini mudzi. Muuzeni wosungayo mabuku amene mudzawafuna nyengo isanayambe, kuti buku limodzi lofunidwa ndi gulu lonse aliike pa obwereka maora ocepa, lisakagone mwezi pansi pa pilo ya munthu mmodzi. Pobweza pepala, lembani cifukwa ca malikisi, pakuti mzere wofiira wopanda mau suphunzitsa kanthu. Ndipo inunso, polemba zofufuza zanu, musacite manyazi kupatsa mnzanu aziwerenge. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kapena wina adzati, Masiku ano zonse ziri pa intaneti, nanga laibulale njaciani? Nzoona kuti zambiri zasintha. Katalogi ya makadi yalowa m'kompyuta. Ndipo ciyambire 2002 bungwe la WHO, mwa njira yocedwa Hinari, latsegulira sukulu za maiko osauka magazini a zaumoyo amene kale anali a olemera okha. Alipo ngakhale makina amene akhoza kumlembera munthu cimangirizo cathunthu madzi a tiyi asanawire. Koma mboni zikacuruka pa bwalo, mpamene pafunika woweruza wodekha; ndipo makinawo nthawi zina achula mabuku amene sanalembedwe ndi munthu ali yense. Wopereka mau a makina monga ace abwerera ku mlandu wathu womwe uja wa inki yofiira. Cifukwa cace wosunga mabuku afunika lero koposa kale, pakuti mafunso ace atatu aja agwira nchito pa tsamba la intaneti monga pa buku.

Cotsiriza, musayese kuti mabuku adzakudikirani masiku onse. Pa 18 Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Mzuzu University pamodzi ndi mabuku ngati 45,000, ndipo ophunzira anadzuka ndi kupeza phulusa pamene dzulo panali mizere. M'mene tinamva mbiri imeneyo tinakumbukira miyezi yathu iwiri ya kungoona, ndipo inatiwawa. Nkhokwe ikhoza kupsa, koma cimanga cimene munthu anadya cakhala kale mphamvu m'thupi mwace.

Inu anyamata ndi asungwana amene mwalandira makalata a kukuitanani ku yunivesite caka cino, pa thebulo la pakhomo mudzapeza munthu. Akakufunsani ngati mufuna thandizo, musayankhe monga tinayankha ife.