Chilumba cha Mbenji Pansi pa Thanki ya Bwana

Mkulu wina wa ku Salima, amene adakulira pa doko la Chikombe, amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Geelhoutpark, mumzinda wa Rustenburg ku South Africa. Mzindawu uli m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, pakati pa migodi ya platinamu, kutali zedi ndi nyanja. Komabe m'chipinda chochezera cha bwana wake muli thanki yaikulu yagalasi ya nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali, tizamoyo timene timamanga matanthwe pansi pa madzi. Bwanayo atamva kuti wantchito wakeyu ndi mwana wa msodzi, adamupatsa udindo wosamalanso thankiyo namuwonjezera malipiro. Ndalama yapamwambayo ndiyo inkalipira sukulu ya mwana wake wamkazi kumudzi.

Madzi a m'thanki yotere amachita kukonza. Amasungunula mchere wapadera m'madzi osefedwa bwino mpaka lita iliyonse ikhale ndi magalamu pafupifupi 35, ndipo amawasunga ofunda pa madigiri 25. Zonsezi mkuluyu ankatsata mosaphonya. Koma m'chaka cha 2022 ndere zidayamba kukuta miyala, makorali nayamba kufota. Akapala lero, pakutha pa sabata zabwereranso. Bwana adayamba kunena zogulitsa thankiyo, ndipo mkuluyu tulo tidamuthawa.

Gwero la vutoli mlimi aliyense angalimvetse. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsalira zikawola, zimasiya m'madzi nayitrojeni ndi fosifolasi, michere yomwe ija timagula m'thumba la feteleza. Munda wothira feteleza koma wosadzala kanthu umabala udzu. Wogulitsa nsomba m'sitolo ina adamulangiza kuti amange kathanki kachiwiri kotchedwa refugium, kutanthauza pothawira: malo amene nsomba sizifikako, kumene zomera ndi tizilombo ta m'madzi zimakula popanda wozidya.

Atamva izi, maganizo ake adauluka kupita kwawo. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka kutsekulira mu Epulo, ndipo mwambowu udayamba m'zaka za m'ma 1950. Ali mnyamata ankanyinyirika poona mabwato ali pamtunda miyezi yonseyo, koma ankaonanso utaka umene unkaphedwa akatsekulira. Zimene wa m'sitoloyo ankafotokoza sizinali zachilendo kwa iye.

Adapeza thanki yakale yaing'ono naiika m'kabati ya pansi pa thanki yaikulu. Adaigawa zipinda zitatu ndi magalasi omata ndi guluu wa silikoni. Chipinda choyamba chimalandira madzi otsika ndi paipi kuchokera kumwamba. Chapakati adaikamo mchenga, tizidutswa ta miyala ya m'nyanja ndi chipukutu cha ndere zonga ulusi zotchedwa Chaetomorpha. Chachitatu muli pampu yobwezera madzi kumwamba. Pamwamba pa chipinda chapakati adapachika nyale imene imayaka usiku, nyale za thanki yaikulu zikazima. Mumdima zamoyo zonse zimatulutsa mpweya umene umawonjezera asidi m'madzi, choncho ndere zowalitsidwa usiku zimaumwa mpweyawo, madzi nakhala osasinthasintha.

Mlamu wake wogwira ntchito kumgodi atabwera kudzacheza, adaseka chikhakhali. "Alamu, mudachoka ku Salima kudzalima ndere kuno ku Joni?" Iye adangoyankha kuti, "Dikirani alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekhako kudayesedwa mu 2023, chaka chimene magetsi ankazima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse m'dzikolo. Usiku wina pampu itaima, paipi yobwezera madzi idayamba kukoka madzi a kumwamba kuwatsitsira pansi. Kathanki kadasefukira, ndipo kutacha madzi amchere adali mbwee m'chipinda chonse. Mkuluyu sadabise. Adauza bwana kuti, "Bwana, cholakwa ndi changa, kathankika ndidakadzaza kwambiri." Tsiku lomwelo adaboola kabowo pa paipiyo, pansi pang'ono pa mlingo wa madzi, kuti mpweya uzilowa n'kudula kukokako. Adachepetsanso madzi m'kathankiko kuti pakhale malo olandira otsika magetsi akazima, kenaka adazimitsa pampu dala kuti aone ngati zatheka.

Patapita miyezi ingapo, chipukutu chija chidadzaza chipinda chake. Pa masabata awiri alionse amazulako gawo n'kutaya, pakuti michere imachoka m'madzi pokhapokha ndere zimene zaimwa zitachotsedwa. Madzi akaphwera amawonjezera opanda mchere, popeza mchere suuluka ndi nthunzi. Ndere za m'thanki yaikulu zidasowa chakudya n'kuyamba kutha. M'chipinda chapakati mudaswana tizilombo tating'ono ngati njere za mchenga totchedwa copepods, ndipo tina timatengedwa ndi pampu kukakhala chakudya cha nsomba kumwamba. Makorali adatsitsimuka. Nkhani yogulitsa thanki idazilala, mwana uja napitiriza sukulu.

Alendo akafika panyumbapo amayamikira nsomba zamawangamawanga, koma palibe amene amatsekula kabati ya pansi. Mkuluyu akamazula ndere zake amakumbukira mabango a m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe ndi madambo amene anthu amalima mpaka pamadzi penipeni. Mabango nawo amamwa michere yokokoloka m'minda, ndiponso amabisa tiana ta nsomba. Pokambirana pa foni za dimba la banja lawo, adapempha mng'ono wake kuti chaka chino asiye mabango a kumtsinje osadula, ngakhale zitanthauze kutaya mizere iwiri ya mpiru.