Zakudya za m'njira kuchoka ku Machipisa mpaka ku Lunzu

Abale amene mukukonza zopita kumudzi pa galimoto chaka chino, nkhani ya chakudya cha m'njira musaitenge mopepuka. Kuchoka ku Harare kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza mpaka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, koma ndi mizere ya m'maboda dzuwa limakulowerani musanafike. Pa basi munthu susankha, umadya chimene chafika pa windo. Ulendo wapitawu tinayenda pa galimoto ya alamu anga, ndiye tinkaima paliponse pamene taona utsi ndi mathiraki. Madalaivala a mathiraki saima kawiri pamene anadyapo zosapsa.

Ndiyambire pakhomo pano pa Machipisa, ku Highfield, poti kadyedwe ka m'matauni ang'onoang'ono a Zimbabwe nkomweka. Kuseri kwa mashopu, cha ku Mushandirapamwe ndi ku Gwanzura, kuli amayi ophika sadza m'mapoto akuluakulu. Umalowa kaye m'butchala, kugula nyama yaiwisi pa sikelo ukuiona ndi maso ako, kenako nkukaipereka kwa wootcha kapena kwa mayi wa gango, amene amaikazingira pamodzi ndi masamba a covo, anyezi, tomato ndi tsabola. Sadza umalipira padera. Kwathu ku Malawi pa chiwaya nyama umaipeza yokazingakazinga, iwe nkumaloza nthuli ndi kamtengo mnyamata akuwerenga. Kuti mbuziyo yaphedwa liti, kapena kuti mafutawo alowa tsiku lachingati, umangosiyira Mulungu. Apa ndisabise, anzathuwa anatiposa. Wogula amadziwa chimene walipira, ndipo wootcha sangakubere nthuli chifukwa waima pomwepo.

Pa Murewa ndi pa Mutoko tinapeza zomwezo. Mutoko ndi kwawo kwa tomato, ndipo nyengo ya mango mabeseni amandanda m'mbali mwa msewu. Kumeneko tinadya nkhuku ya lokolo, ija amati road runner, m'kanyumba kopanda chikwangwani, mabenchi awiri basi, msuzi wake wa tomato wothyoledwa m'mawa womwewo. Funsaninso mazondo, amene ndi mang'ina athu aja, koma fikani dzuwa lisanapendeke chifukwa amatha msanga. Kupitirira apo, cha ku Kotwa, dziko lauma, ndi milambe yokhayokha, ndipo malo odyera ayamba kutalikirana.

Koma sadza si nsima, ngakhale ana anga obadwira kuno amanditsutsa. Sadza la m'malo amenewa ndi la roller meal kapena mgaiwa, lolimba, loumbidwa phiri limodzi pa mbale yomweyo ya ndiwo, msuzi nkumalowa pansi pake. Ufa wokonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika ndi kukagayitsa, simuupeza. Masamba nawo ndi covo lero, rape mawa, covo mkuja. Amadziwa kutendera ndithu, ndi chiponde chimene amati dovi, koma zimenezo amaphika kunyumba, pa malonda nzosowa.

Ndalama ndiye mutu wina. Chiyambire 2009 malonda ang'onoang'ono kuno amayendera dola ya ku America, ndipo ngakhale ZiG inabwera mu April 2024, vuto la chenji silinathe. Mbale yotchipa ndi dola imodzi, ukapereka ya 5 mayi amazungulira mashopu onse, mapeto ake akuti muonjezere nthuli kapena mutenge maheu. Nyamulani timadola tating'onoting'ono. Takudatakuda kuno timayenda, koma mukangooloka Nyamapanda osintha ndalama amatikana kapena kutidula mtengo.

Ku Mozambique sindikhalitsako. Pa Changara ndi mu Tete ndiwo ndi mbuzi, nkhuku yootcha ya piripiri ndi chicoa, nsomba youma yamchere ya ku Cahora Bassa. Chinyungwe ndi Chichewa zimamvana, simusowa womasulira. Chenjezo nlakuti nkhuku amaiika pamoto mukaitanitsa, ndiye ngati mukuthamangira boda ya Zobue gulani buledi wawo uja muzipita. Mukadzera pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, mzinda wa Tete mumaulambalala. Wofuna kudya m'tauni adzere pa wakale wa Samora Machel.

Tsono pa Mwanza. Tinalowa m'lesitilanti ina yansalu pakhomo, mtsikana nkubwera ndi jagi ndi beseni, kutithirira madzi mmodzimmodzi, kenako funso limene ndinali ndisanalimve zaka zambiri: mitanda ingati? Nsima yoyera m'mbale yakeyake, nyemba pambali, nkhwani wotendera ndi nsinjiro, usipa, ndi kambuzi m'kabotolo pa tebulo. Alamu anga, amene ndi Mshona wa ku Mhondoro, anadandaula kuti nsimayi njofewa, sikhalitsa m'mimba, koma anaitanitsa mtanda wina. Mbale ya kwathu imakhala ndi ndiwo zamitundumitundu ngakhale nyama ichepe, ndipo mlendo amamulandira ngati wafika pakhomo pa azakhali ake.

Zondinyansa ziliponso. Pakhoma alemba chambo, zam'kati, nkhuku, mpunga, koma chilichonse ukatchula akuti zatha, mpaka umafunsa kuti nanga chilipo nchiyani. Nthuli za ng'ombe ziwiri zosambira mu msuzi wamadzi, mtengo wake wosalembedwa paliponse, umakwera akaona nambala ya galimoto yakunja. Pa Zalewa ndi pa Lunzu chakudya chambiri nchothamangitsira pa windo, chimanga chootcha, mazira, tchipisi m'jumbo, pomwe pokhala pansi ndi pochepa. Butchala ndi wophika nsima atamagwirizana monga achitira pa Machipisa, apaulendo ambiri bwenzi akutsika.

Za madzi tonse tilibe pothawira. Kolera ya 2018 inavuta ku Glen View ndi Budiriro, pafupi ndi Highfield pompano, ndipo ya ku Malawi ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700. Beseni losambamo anthu onse likaneni, mbali iliyonse ya boda. Saladi ndi madzi a m'jumbo zisiyeni, idyani zochoka pamoto, ndipo m'galimoto mukhale chigubu chanu ndi sopo. Ngati muli ndi ana, adyetseni pa Mutoko, chifukwa simudziwa kuti pa Nyamapanda mukhalapo maola angati.