Gogodela ya agogo

Ndinali nditangotsika kabaza kuchokera pa Mponela, fumbi lisanachoke n'komwe m'maso, agogo aamuna anandikodola. Kwathu ndi chakum'mawa uko, kumene mapiri a Dowa amayamba kukumana ndi a Ntchisi. Unali mwezi wa Malichi, nthawi ya mondokwa, nthawi yomwenso anyani ndi nguluwe zimakumbukira kuti kuli minda.

"Iwe wa madigiri, talowa kuno."

Anasolola kunsi kwa bedi chinthu chokulunga m'thumba la feteleza. Gogodela. Ndinkaimva chabe mbiri yake, kuiona ayi. Si ya makedzana yeniyeni, zija zinkabwera ndi amalonda a kwa Jumbe ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800 posinthana ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Iyi ndi yotengera: anasula ndi mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe, mpope wachitsulo ndi thabwa la mlombwa, koma maonekedwe ndi kachitidwe zonse n'zakalezo. Onga amathira kukamwa, n'kugogodera ndi ndodo yachitsulo.

Dandaulo lawo linali pa kachitsulo kokoka ndi chala kaja. Nyamakazi inawapinda zala, ndiye kanayamba kuwakanika. "Kanalimba udyo. Ukapaleko ndi tupa kafewe. Nguluwe zinditha ine."

Ndinayesa ndekha, mfuti ili yopanda onga. Abale, ndinachita kuluma mano. Kunali ngati kukoka mbuzi yokana kulowa m'khola.

Usiku umenewo bandulo yanga inathera pa YouTube. Kumeneko ndinapeza azibambo a ku America amene amagula mfuti zatsopano zopangidwa motengera za nkhondo yawo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, zina zochokera ku fakitale ya Pedersoli ku Italy. Dandaulo lawo ndi la agogo lomweli, kusiyana kwake n'koti iwo amawombera chipepala Loweruka masana, ali ndi kasikelo koyezera kulemera kwa kachitsuloko. Koma ndinaphunzirapo kanthu. Ukakokera nyundo ya mfuti kumbuyo, chimene chimaigwira ndi kadzino kakang'ono kokodwa m'kamphako. Chala chako chimangokankha kadzinoko kuti kachoke. Dzimbiri ndi sipulingi yolimba zimalemetsa ntchito imeneyi, inde, koma ukapala kadzinoko mopitiriza ndi pang'ono pomwe, sikagwiranso. Mfuti ikangogunda pa chitsa, yalira yokha. Chitsulo chopala sichibwerera.

Ndinaganizabe kuti ndingathe. Mukudziwa mmene timakhalira ife ophunzira tikaonera mavidiyo atatu.

M'mawa ndili pakhonde, tupa ndabwereka kale, agogo aakazi anabwera ndi lichero la nyemba n'kukhala pafupi. Anasankha nyemba kwa kanthawi osayankhula.

"Amako anakuuzapo za chaka cha njala?"

Za 2002 aliyense wa kuno amazidziwa. Mu Febuluwale ndi Malichi chaka chimenecho anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo wopezeka akuthyola chimanga m'munda mwa mwini ankamenyedwa koopsa, ena kudulidwa ziwalo. Ine ndinali ndi zaka zinayi. Sindikumbukira kalikonse.

Agogo aamuna, akuti, ankagona kumunda ndi mfuti yomweyi. Usiku wina anamva tswatswa m'chimanga, chakumunsi kwa chulu. Mdima wa ndiweyani. Analoza kumene kunkachokera phokoso n'kuyamba kukoka. Nthawi imeneyo zala zinali zamphamvu, komabe kachitsuloko sikankalola msanga, kankafuna kuti munthu atsimikize. Ali mkati mokoka anamva kutsokomola. Chifuwa cha mwana.

Anali mayi anga. Ankakhala ku chitengwa, kwa bambo, mtunda wa maola awiri, ndipo kumeneko moto unali utatha masiku atatu osakolezedwa. Manyazi anawaletsa kupemphanso kwa makolo awo kachitatu, ndiye anabwera usiku. Wotsokomola kumsanayo ndinali ine.

Agogo aakazi anapeta nyemba zawo n'kulowa m'nyumba. Sanandiuze chochita ndi tupa.

Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndikanatha kukalankhula za malamulo, poti mfuti yopanda chiphaso ndi mlandu ku polisi, kaya ndi yogula kaya yosula kumudzi. Koma agogo sanandipemphe malamulo. Munthu wa zaka zoposa 80 anali kundipempha kuti ndimubwezere chala chake, kuti akhalebe mwini munda wodziteteza yekha. Sanandipemphepo kanthu kena chibadwire changa. Fizi ya fomu wanu anandilipirira ndi mbuzi zawo ziwiri, osauza munthu.

Ndinapukuta dzimbiri la kunja, ndinadonthezera oyilo wa njinga pang'ono, ndinapaka thabwa mpaka linawala. Kadzino sindinakakhudze.

Madzulo ndinawabwezera. Anaiika paphewa, analozetsa ku mtengo wa mango, anakoka. Mtsempha wa pakhosi unatuluka. Kachitsulo zii.

"Sukulu yonse ija?"

"Tupa yake ndi yobuntha, agogo."

Anayang'ana tupa ili pamphasa, yatsopano, mano ake akunyezimira. Kenako anayang'ana ine, n'kuyang'ananso kukhitchini kumene agogo aakazi ankasonkhezera moto. Anakulunga mfuti m'thumba lake lija pang'onopang'ono, n'kumanga ndi luzi.

"Ndiye ukagone kumunda ndiwe," anatero. "Tenga chitini ndi ndodo. Nguluwe zimabwera tambala asanalire, zimadzera kuchulu."