UMBONI WANGA: Usiku umene manyazi anatsala pang'ono kundiphera mwana

 Lero ndilemba motalika, mundipirire. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima chaka chathunthu. Pa guwa ndinangonena kuti Mulungu watichiritsira mwana, amayi analiza nthungululu, basi. Sindinaname ayi, koma sindinanene zonse. Dzulo mwanayu wakwanitsa chaka chimodzi, ndipo mayi busa andiuza kuti, "Bambo, anthu aja muwauzenso mbali yanu ija." Nde mbali yangayo ndi iyi.

Mwana wathu wamkazi, mzime, anabadwa mu June chaka chatha ine ndili ndi zaka 46, titaganiza kuti za matewera tinathana nazo kalekale. Anabadwa masiku asanakwane, mimba ili ndi miyezi 8, ndipo pa sikelo analemera 2.1 kg. Inu a kuno ku Domasi mukumudziwa June wathu. Mphepo imatsika kuchokera ku phiri la Zomba ndi la Malosa, m'mawa mame ali mbuu ngati kwagwa mvula, munthu wamkulu amene umagona ndi juzi. Nanga kamwana koti ukakanyamula kakungodzadza zikhatho ziwiri?

Potitulutsa kuchipatala, anamwino anatiuza zinthu zitatu. Choyamba, mwanayu azikhala pachifuwa, khungu lake kukhudza khungu la munthu wamkulu, usana ndi usiku, njira ija amati kangaroo. Anati mayi akatopa, bambo kapena agogo alandire. Chachiwiri, aziyamwa bere lokha basi, kosachepera ka 8 pa tsiku kuphatikiza usiku, ndipo akagonetsa tizimudzutsa. Chachitatu, pa mchombo osapaka kanthu kena kalikonse kupatula zimene achipatala apereka, ukhale wouma, thewera lizimangidwa m'munsi mwake. Ine ndinkangogwedeza mutu, "Tamva anesi, tamva." Koma mumtima ndimati za kangaroozo ndi za azimayi, ine gawo langa ndi pemphero.

Paja ine kuno ndine mkamwini, apongozi nyumba yawo ili chapafupi pomwepa. Titangofika iwo analowa m'chikuta kudzathandiza mwana wawo, monga mwa mwambo. Tsiku lachiwiri ndinamva kuti akonza phulusa ndi zitsamba zoti apake pa mchombo kuti ugwe msanga, ndi zina za pa liwombo. Abale, ndinayaka moto. Ndinaima pakhomo nkunena mokweza kuti m'nyumba ya mtumiki wa Mulungu simulowa zimenezo. Apongozi sanayankhe. Anangomanga tizinthu tawo pa nsonga ya chitenje nkutuluka. Ine ndinadziona ngati ndapambana nkhondo.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa apa ndi pamene sindinanenepo pa guwa.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatenga kabotolo kanga ka mafuta odzozera. Kabotolo komwe ndimayenda nako m'thumba la jekete, ku ma overnight, kwa odwala, ku maliro. Ndinali nditangochokera ku Songani, ndapatsana moni wa m'manja ndi anthu kaya angati, ndagwira ndalama, osasamba m'manja. Mayi busa ali mtulo, ndinaviika chala nkudzoza mwana pamphumi. Kenako ndinatsegula kansalu nkudzozanso pa mchombo penipeni. Ndinachita zimenezi madzulo atatu otsatizana. Ndimati ndikumutchinjiriza. Zimene ndinaletsa apongozi ndi phulusa, ineyo ndinazichita ndi mafuta.

Masiku amenewo alendo samatha. Amayi a mumpingo amabwera ndi sopo, ufa, shuga, Mulungu awadalitse. Koma aliyense amafuna anyamuleko mwana wa abusa. Mwana amachoka pachifuwa pa mayi ake nkumayenda m'manja m'manja kwa maola, ena ali ndi chimfine. Ine ndili pampando kumwetulira, kunyadira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, mayi busa anaona kuti khungu lozungulira mchombo lafiira ndipo pakumveka kafungo. Pofika madzulo mwana anasiya kuyamwa. Akamuika bere kukamwa amangoliyang'ana, osakoka. Kulira osalira. Ine ndinati, "Mulekeni, wagona bwino lero." Ndimaona ngati mwana wachete ndiye kuti ali pa mtendere. Cha m'ma 8 koloko usiku mayi busa anandigwira dzanja nkuliika pamimba pa mwana. Pamimba panali pozizira ngati m'mapazi momwe. Anati, "Bambo, mwanayu sali bwino. Tiyeni kuchipatala."

Ndinayankha kuti, "Tipemphere kaye, mayi."

Ndinaimbira akulu ampingo awiri, anabwera. Tinapemphera mofuula, kudzudzula, kumanga, kumasula. Tili mkati mwa pemphero ndinamva mawu a apongozi pa khonde. Samalankhula ndi ine, paja mpongozi salunjika mkamwini, amalankhula ndi mwana wawo koma mokweza kuti ndimve: "Khanda silizizira chonchi popanda chifukwa. Muwafunse amuna anuwo kumene amayenda." Amene munakulira kumudzi mwamva kale, amanena za tsempho. Amatanthauza kuti ine ndagona kunja mwana ali m'chikuta.

Ndikuuzeni chilungamo cha zimene zinali mumtima mwanga usiku umenewo. Ndimaganiza kuti ndikathamangira kuchipatala akulu ampingo akuona, mawa kumveka kuti abusa amapempherera ana a eni koma wawo anathawa naye. Ndimaganizanso kuti mwanayu akapita, mudzi wonse udzati abusa ndi achiwerewere. Ndimafuna achire pompo, m'manja mwanga, kuti apongozi achite manyazi. Mwaona? Maganizo onsewo anali a dzina langa. Mwana ali apo akuzirala, ine ndikuteteza mbiri. Ndipo chinthucho ndimachitcha chikhulupiriro.

Kuyambira 8 koloko mpaka 2 koloko ya usiku. Maola 6.

Itakwana 2 koloko, mayi busa anadzuka. Mzimayi woti wabereka sabata imodzi yapitayo. Anamuika mwana mkati mwa malaya pachifuwa, kumanga chitenje, kuvala jekete langa pamwamba. Ananena motsitsa mawu, osakalipa, "Bambo, inu pitirizani kupemphera. Ine ndikupita, ngakhale wapansi." Mawu amenewo anandidula miyendo. Ndinathamanga kukagogoda kwa aneba athu, m'bale wathu wachisilamu amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anatuluka atafunda bulangeti, atamva nkhani anangofunsa kuti, "Abusa, bwanji simunandidzutse kale?" Anawanyamula mayi ndi mwana, ine kutsatira pa njinga yakapalasa mumdima. Ndalama anakana mpaka lero.

Pa chipatala chapafupi anamubaya jakisoni woyamba nkutitumiza ku Zomba Central. Kutacha apongozi anatipeza konko. Adokotala atamuyeza mwana anafunsa kuti, "Anasiya kuyamwa nthawi yanji?" Mayi busa anayankha, ine maso pansi. Kenako anafunsa, "Pa mchombopa munapaka chani?" Aliyense anatembenukira kwa agogo, ngakhale mayi busa amene. Apongozi anati, "Ine ayi, anandiletsa." Palibe amene amaoneka kuti akuwakhulupirira. Abale, ndikanangokhala chete, mlandu ukanagwera gogo wosalakwa mpaka kumanda. Pakamwa panauma gwa. Ndinati, "Ndine, adokotala. Ndimapaka mafuta odzozera."

Adokotala sanandikalipire. Anati sangaloze ndi chala kuti tizilombo tinalowera pati kwenikweni, koma anandifotokozera kuti mchombo usanapole ndi bala lotseguka, ndipo mitsempha yake imalowa mkati mwa thupi la mwana. Kachilombo kochoka pa chala kapena pa botolo sikachedwa kufika m'magazi. Anatinso mwana wobadwa wochepa alibe mafuta okwanira m'thupi oti azimufunditsa. Akazizidwa amawotcha shuga wake kuti adzitenthetse, shuga akatsika amafooka, akafooka sayamwa, akapanda kuyamwa shuga amatsikiratu. Khanda likadwala nthawi zina silitentha thupi ayi, limazizira ndi kukhala chete. Chete amene ine ndimati mtendere uja.

Tinakhala kuchipatala masiku 10. Majakisoni tsiku ndi tsiku. Poyamba mkaka umadutsa pa kapaipi ka m'mphuno, mayi busa akufinyira m'kapu usana ndi usiku, kenako anayamba kumwa pa kakapu, kenako tsiku lina anakoka bere yekha. Tsiku limenelo ndinalira pa khonde la chipatala ngati kamwana, anthu akundiona, ndipo manyazi aja sindikudziwa kumene anapita.

Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti njira ya kangaroo inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, madokotala ataona kuti makina ofunditsira ana obadwa osakwana masiku ndi ochepa. Ndipo kuno ku Malawi Zomba Central yathu yomweyi inayiyamba mu 1999. Taganizani, chinthu chakhala pakhomo pathu zaka zoposa 20, ine nkumati ndi za azimayi.

Tsiku lotuluka ndinapempha anamwino kuti andiphunzitse. Umavula malaya. Mwana amangovala thewera, chipewa ndi masokosi. Umamuimika pakati pa chifuwa, mutu utayang'ana kumbali kuti apume bwino, timiyendo titapinda ngati chule, nkumanga chitenje molimba, kenako juzi kapena jekete pamwamba. Pogona sugona chagada ayi, umatsamira mapilo ngati wakhala. Kunyumba tinagawana, mayi busa masana, apongozi madzulo, ine kuyambira 10 koloko usiku mpaka 2 koloko, ndikumupereka kwa mayi ake nthawi yoyamwa ikakwana. Ndimamva kamtima kake kakugunda pa mtima wanga. Ndapemphera m'mapiri, ndasala kudya masiku ambiri, koma mapemphero a maola amenewo, a chamumtima kuopa kumudzidzimutsa, sindidzawaiwala.

Akulu ampingo atandipeza tsiku lina nditamanga chitenje pachifuwa anaseka mpaka misozi. Achinyamata anayamba kunena kuti abusa akubereka chakutsogolo, kkkk. Ndinawasiya aseke. Timapita naye ku sikelo monga anatiuzira mpaka anapitirira 2.5 kg, ndipo iye mwini anayamba kukana, kuphiriphitha kufuna kutuluka. Atakwana masabata 6 analandira akatemera ake, ine ndi amene ndinanyamula buku la kuchipatala.

Kwa apongozi ndinapita ndekha. Ndinakhala pansi chapatali monga mkamwini, nkunena kuti, "Amayi, ndinakunyozani pa anthu, chonsecho wolakwa ndinali ine. Mundikhululukire." Anakhala chete kanthawi, nkuti, "Bambo, nanenso pakamwa panga panathamanga. Tonse timafuna mwana akhale moyo." Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi amene anakhala mlonda. Anaika beseni ndi sopo pakhomo. Kaya ndiwe dikoni, kaya ndiwe mkazi wa amfumu, usambe m'manja kaye, ndipo wachimfine amaonera pa zenera.

Tsopano inu amene muli ndi khanda m'nyumba, kapena mukudikira, sungani izi. Mwana wa masiku ochepa akasiya kuyamwa, akafooka osatakataka, akatentha thupi kapena kuzizira, akamapuma mothamanga kapena chifuwa chikamalowa mkati popuma, akakomoka kapena kugwedezeka thupi, maso ndi zikhatho ndi mapazi zikachita chikasu, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, chimodzi chokha mwa zimenezi, nyamukani nthawi yomweyo. Osadikira kuche. Muikeni pachifuwa poyenda kuti asazizidwe. Khanda si munthu wamkulu woti tione mawa. Mkaka woyamba wachikasu uja musataye, ndi chitetezo chake choyamba. Osampatsa madzi, tiyi kapena zitsamba, bere lokha mpaka miyezi 6. Kukazizira musalowetse mbaula m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete, chifuwa chanu ndi chokwanira. Ndipo nonse muzigona mu neti.

Azibambo anzanga, chifuwa chanucho Mulungu sanangochipangira tayi. Mayi wobereka kumene watopa, mulandireni mwana agoneko. Konzeranitu nambala ya wa kabaza ndi kandalama ka ulendo mwana asanabadwe.

Atumiki anzanga, ndikulankhula ngati wolakwa mnzanu. Ine kupemphera sindinasiye, kudzoza odwala sindinasiye. Koma pa bala ndi pa mchombo wa khanda mafuta anga safikanso. Ndipo munthu akandiimbira usiku kuti khanda ladwala, ndimamuuza kuti nyamukani, tipemphera muli pa njira, tikumana kuchipatala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, kaoneni pa Akolose 4:14, ndipo Paulo sanachite naye manyazi. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anayankha pemphero la usiku uja. Anayankha kudzera mwa mzimayi amene anakana kundimvera, mwa m'bale wachisilamu ndi njinga yake, ndi mwa anamwino amene sanagone. Amene amachedwetsa yankho ndinali ine.

Pamene ndikulemba pano mwana uja akukoka chingwe cha tchaja, akufuna foni. Ali ndi mano anayi ndipo amaluma, kkkk. Ulemerero ukhale kwa Mulungu.

Lero musangolemba Ameni nkudutsa. Ngati mukudziwa mayi woyembekezera, kapena bambo wouma mutu ngati mmene ndinalili ine, mutumizireni uthengawu. Amene alibe foni, kamuwerengereni. Lamulungu likubwerali tikatha mapemphero, beseni ndi chitenje zidzakhala kutsogolo, ndidzaonetsa azibambo mmene timamangira. Mubwere.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.